Zana Limodzi la pa Gum Fork

Lachitatu, 23 Meyi

Chisankho cha chipulula cha dzulo, pa Gum Fork:

Olembedwa m'kaundula: 412
Oponya voti pasukulu yathu yakale: 71
Oponyeratu ku boma tsiku lisanafike: 38
Otumiza pa positi: 22
Onse pamodzi: 131
Mapepala: obwera 300, oponyedwa 71, oonongeka 2, obwezedwa 227. Zagwirizana.

Pa anthu khumi alionse, atatu okha. Chisankho changa cha 58 monga woyang'anira malo, m'zaka 36. Mapazi otupa. Khofi wa m'mawa uno ndamwa miyendo ili m'beseni.

Choyamba chopanda amuna anga a Cleophus. Zaka zonsezi woponya voti nambala 1 anali iwo. Kufika nane 6 koloko, kunyamula matebulo, kenako kutuluka kukaima pamzere okhaokha, chipewa m'manja, kudikira kuti mkazi wawo awatsekulire chitseko 7 koloko. Dzulo nambala 1 anali munthu wina. Ndinamupatsa cholembera osamuyang'ana kumaso.

Dzina lawo likadali m'kaundula. Tsamba 4, mzere 11. Biggins, Cleophus T. Chikalata cha imfa ndinatumiza ku boma mu Disembala, ndinatumizanso mu Febuluwale. Choncho olembedwa enieni ndi 411. Earlene, mnzanga wosunga kaundula, anaika rula pamzerewo tsiku lonse, kuyesa kuti sindikuona. A Dikoni Roscoe, olondera makina owerenga mapepala, anasuzumira n'kuti, "A Cleophus akadali m'buku koma sanabwere? Ulesi umenewu ali moyo analibe." Earlene anawamenya ndi rula yomweyo. Ndinaseka. Kenako ndinalowa m'chipinda cha kumbuyo kukawerenga mapensulo. Analipo 24. Ndinawawerenga katatu.

Lachisanu, 1 Juni

Kalata yochokera ku ofesi ya zisankho ku boma. Ndinaiwerengera pabokosi la makalata, ndili chiimire, dzuwa lili pamutu.

"Pofuna kuchepetsa ntchito, komiti yagwirizana kuti pa chisankho chapadera cha pa 26 Juni, malo alionse pamene oponyerapo voti sadzakwana 100 adzatsekedwa, ndipo anthu ake azikaponyera ku boma."

Wosainira: Darnell Whitlow, mkulu wa ofesi. Darnell amene ankakhala padesiki lachiwiri kumanzere m'kalasi mwanga, wosatha kugawa nambala zazitali.

Ku boma ndi mamailosi 23. Basi kulibe. Makomo opanda galimoto pa Gum Fork: 49, ndawawerenga pamtima, msewu ndi msewu. Chisankhochi n'cha mpando umodzi wokha, wa khansala wa dera lathu amene anamwalira mu Epulo. Zisankho zotere anthu sazimva n'komwe. Ziwiri zapitazo tinapeza 64 ndi 58.

M'chipinda cha pasukulu chija amayi anga a Hattie anaponya voti yawo yoyamba mu 1966, anthu akuda titangololedwa kumene kuvota, ali ndi zaka 51. Ine wa zaka 26 kumbuyo kwawo, nditawagwirira chikwama. Tsopano ndili ndi 78. Akufuna aike loko pachitseko chimenecho ine ndikuona.

Kalatayo ndaiika m'Baibulo. Sindikufuna kuionanso.

Lamulungu, 3 Juni

Abusa anandipatsa mphindi zitatu. Ndinatenga zisanu ndi ziwiri. M'tchalitchi munali akuluakulu 86. Onse anati ameni. Ameni saponya voti.

Masana ine ndi Earlene patebulo la kukhitchini, kaundula pakati pathu, tiyi wozizira. Tagawa mayina patatu. Odalirika: 77. Ofuna kukankhidwa: 95. Otsala: osamukira kumizinda, a kuusilikali, a kunyumba ya okalamba, ndi osavota n'komwe, amene Earlene amawatcha akufa oyenda.

Chondiopsa ndi Lachiwiri lenilenilo. Anthu 6 amakatsukidwa magazi kuchipatala Lachiwiri lililonse. A kufakitale ya nkhuku sadziwa nthawi yoweruka. Kutentha kwa kumapeto kwa Juni. Mvula ikagwa, msewu wa kudambo umatsekeka ndi makomo 14 kuseri kwake. Zana la anthu silingadalire tsiku limodzi.

Koma kuponyeratu ku boma kuyamba mawa, masabata atatu athunthu. Ndamuuza Earlene: tiziwatenga anayianayi kuyambira pano, voti ikalowa yalowa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Earlene anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Iwe Mozelle, dziko linataya mkulu wa asilikali tsiku limene unasankha choko."

Ndagona bwino koyamba chichokere Novembala. Ntchito ilipo.

Lolemba, 4 Juni

Galimoto ya a Cleophus. Yanga ndi yaing'ono, mawondo a okalamba salowamo. Chiyambire maliro sinatuluke m'shedi. Inalira nditayesa kachitatu.

Mpando unali pomwe iwo anausiya, kutali, miyendo yanga osafika. Ndinakhala mphindi khumi dzanja lili pachitsulo chokokera. Ndinakoka. Unalira kasanu.

M'thumba la chitseko, timapepala ta masiwiti 13. Dokotala anali atawaletsa shuga. Akuba inu.

Ulendo woyamba: anthu 3. Nanenso ndaponyeratu, kuti ndionetse chitsanzo. Koyamba m'zaka 52 kuponya voti kwina osati pasukulu. Zinanditengera mphindi zinayi. Sindinamve kalikonse.

Lero: 4. Atsala 96.

Lachinayi, 7 Juni

Maulendo atatu atha. Mndandanda wa oponyeratu amaupachika pakhoma ku boma, ndimakopera mayina athu m'kabuku kanga. Enanso ayamba kupita okha chifukwa cha mawu anga. Ena ndawalembera mafomu a pa positi.

Masana kwa Azakhali a Zeola. Zaka 94, wamkulu kuposa onse m'kaundula. Anaima pamzere umodzi ndi amayi anga mu 1966, ndipo chiyambire pamenepo sanajombepo chisankho ngakhale chimodzi, ngakhale cha wogwira agalu osochera. Ndinawapeza pakhonde akutong'ola nyemba. Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, ndi manambala.

"Mwana wa Hattie," anatero, "ine ndinayambira pasukulu ija, ndikamalizira pomwepo. Ku boma ndinapitako katatu kukalembetsa, katatu anandibweza. Ndilibe nako mawu."

Ndinati nanga mukadzadwala tsikulo? Anati akadzadwala ndidzawanyamule. Ndinati nanga mukadzafa? Ndinanenadi choncho, kwa munthu wa zaka 94, pakhonde pake. Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe ndi mayi ako, pakamwa ngati lumo."

Sanavomere. Anandipatsa nyemba m'kathumba. Ndipitanso.

Lachiwiri, 12 Juni

Ndinapitanso kwa Azakhali a Zeola Loweruka, Lamulungu ndi dzulo. Dzulo ndinawauza kuti sukulu ikatsekedwa chifukwa cha voti imodzi, idzakhala yawo. Kenako: "Ubwere 9 koloko. Usachedwe, ndilibe nthawi yotaya."

Ndinawapeza atavala kale. Chipewa choyera cha pa Isitala, magolovesi, nsapato zimene amati n'zokaikidwa nazo m'manda. Njira yonse anagwira chikwama pamiyendo ndi manja awiri.

Pakhomo la ofesi ku boma anaima. Masitepe 11. Anati sakufuna kugwiridwa mkono. Anakwera okha, ine kumbuyo ndikuwerenga. Kamtsikana ka patebulo kanawafunsa dzina kawiri, n'kulitchula molakwa kawiri. Anaponya 10:25. Atawamata kapepala kolembedwa kuti "Ndavota", anakachotsa n'kukaika m'chikwama. "Muno mukununkha ngati m'chipatala," anatero.

Pobwerera ndinawagulira mlamba wokazinga. Anadya theka. Tikudutsa pasukulu anatembenuza mutu kuiyang'ana mpaka inabisika ndi mitengo.

Oponyeratu 32, a pa positi 8. Pamodzi 40. Patsala masabata awiri. Zikuyenda.

Lachisanu, 15 Juni

54.

Earlene akuti ndaonda. A Roscoe akuti galimoto ya a Cleophus ikuyenda kwambiri mwini wake atafa kuposa ali moyo, ndiyambe kulipiritsa okwera. Ndinawauza kuti iwo azilipira kawiri chifukwa cha mimba.

Kalata ina yaing'ono ya ku boma: dzina la Cleophus T. Biggins lachotsedwa m'kaundula, apepesa chifukwa cha kuchedwa. Ndinalipempha ndekha kawiri. Bwanji nanga ndakhala pakama ola lathunthu kalata ili m'manja? Malo omaliza pamene anali kuwerengedwabe ngati munthu.

Madzulo kumanda. Ndazula udzu. Ndawauza kuti tili pa 54, kuti ngakhale tsikulo kutabwera anthu 50 okha, tadutsa. Ndawauzanso za timapepala ta masiwiti.

Lachitatu, 20 Juni

Ulendo wa 9. Anthu 4. Onse amene ndanyamula: 34. Mamailosi 414.

Ndikukopera mayina pakhoma, Darnell anatuluka mu ofesi mwake. Wanenepa, imvi m'mbali. Anaima pambali panga n'kunena motsitsa mawu: "Aphunzitsi, ndakhala ndikukuonani pawindo. Mukuchitiranji zimenezi?"

Ndinamuonetsa kabuku. Oponyeratu 52, a pa positi 18. Ndinati 70, Darnell, ndipo tsiku silinafike. Ndinanena monyada. Mulungu andikhululukire, ndinkafuna aone.

Anayang'ana kabukuko, anayang'ana ine. Nkhope yake inagwa. Anati komiti sikuwerenga anthu a pa Gum Fork. Ikuwerenga anthu olowa pachitseko cha sukulu tsikulo, kuti ione ngati malowo akugwira ntchito. Aliyense woponyera ku boma ndi umboni wakuti anthu angathe kufika ku boma.

"Ine ndimayesa mwagonja, Aphunzitsi. Ndimayesa mukuwazoloweza msewu."

Sindikukumbuka mmene ndinatsikira masitepe. Anthu anayi aja ankacheza m'galimoto za mitengo ya mapichesi. Ndinawatula mmodzimmodzi pamakomo awo. Aliyense anathokoza.

Kunyumba ndinatsekula Baibulo. Ndinavala magalasi. Ndinakhala pansi.

Oponyerapo.

Osati oponya. Oponyerapo. Kamawu ka kumapeto kaja, po. Pamalopo.

Zaka 34 ndikuphunzitsa masamu. Pamwamba pa bolodi, chaka chilichonse, ndi choko chofiira: Werenga funso kawiri.

Lachinayi, 21 Juni

Sindinatuluke. Foni inalira kasanu ndi kamodzi.

Ndikanadziwa ndikanaphika therere, amatero anthu. Ndaphikadi therere. Lili m'poto.

Lachisanu, 22 Juni

Ndawaitana Earlene ndi a Roscoe. Ndaika kalata patebulo, chala pa mawuwo. Earlene anawerenga, anawerenganso, n'kuvula magalasi. "Iwe Mozelle. Iwe amene umawerenga ndi nyemba zomwe usanaziphike." A Roscoe sanapeze nthabwala. Anangoti, "Nafe sitinapemphe kuiona kalatayo, mayi. Tinati poti yawerengedwa ndi Aphunzitsi, yawerengedwa."

Zimenezo n'zimene zikupweteka. Palibe amene anandifunsa.

Ndamuimbira Darnell. Ndamupempha, ine, kuti awerenge ngakhale 34 okhawo amene ndinawanyamula. Wati mawuwo anavomerezedwa ndi anthu asanu a m'komiti, iye sangasinthe ngakhale chilembo, ndipo sakumananso mpaka Julaye, kudzangolandira manambala. "Mawu ndi mawu, Aphunzitsi. Munatiphunzitsa ndinu." Sindinamukalipire. Akunena zoona.

Masamu atsopano:
Olembedwa: 411
Oponya kale: 70
Otsala: 341
Osakhala kuno: 126
Otsala enieni: 215
Mwa odalirika 77 aja, 58 ndawataya ndekha. Atsala 19.
Ofunika kuwapeza mwa osadalirika: 81. Masiku 3.

Ndinakolola m'munda wabwino n'kukathira m'nkhokwe ya eni.

Lamulungu, 24 Juni

Dzulo makomo 41, wapansi, galimoto nditaisiya pamphambano. Agalu 9. Madzi ondipatsa, makapu 12. Ena mwa eni makomo ndi ana anga a m'kalasi, tsopano agogo. Lucius Fant, amene sanaponyepo voti chibadwire, anandimvetsera atatsamira chitseko n'kuti, "Aphunzitsi, khansala ameneyo adzandikonzera denga?" Ndinati ayi. Anati nanga ndipitirenji. Ndinati chifukwa ine ndalakwitsa samu, ndipo ndikufuna undithandize. Anatsekula pakamwa. "Inuyo? Samu? Zimenezo ndiye ndibwera ndidzaone."

Lero m'tchalitchi ndinaimirira osadikira kuitanidwa. Ndinanena zonse: kalata, kamawu kaja, maulendo 9. Ndinati amene munaponya kale simungaponyenso, koma aliyense abweretse munthu mmodzi amene sanaponye. Ndinati kulakwa n'kwanga ndekha.

Anandikhululukira msanga kwambiri. Kundisisita pamsana, "musadandaule Aphunzitsi," "Ambuye akudziwa." Bola wina akananditukwana.

Azakhali a Zeola pampando wawo wachitatu kutsogolo. Sanatembenuke. Ankangodzikupiza ndi chokupizira. Potuluka ndinawayandikira. Anati, "Ndiye kuti masitepe aja ndinakwera pachabe?" Ndinati voti yanu yawerengedwa, Azakhali, khansala mwasankha nawo. Anati, "Sindinafunse za khansala."

Lolemba, 25 Juni

Makomo ena 37. Olonjeza onse pamodzi: 118. Malonjezo ndimawadziwa, ndimachotsapo gawo limodzi mwa magawo anayi. Atsala 88 kapena 89. Mwina ndalakwitsanso. Lero ndikupempha Mulungu kuti ndikhale nditalakwitsa.

Masana kukonza pasukulu. Kusesa, kutsekula mawindo 6, mavu pawindo lachitatu. Matebulo tanyamula ine ndi a Roscoe, kupumira kawiri. Pansi pakadali timizere ta pensulo timene a Cleophus analemba kuti miyendo ya tebulo izikhala pamodzimodzi chaka chilichonse. Ndaika mwendo uliwonse pamzere wake.

Katundu wa ku boma: mapepala 300, maenvelopu 25 a anthu amene dzina lawo lili ndi chikayiko, kaundula watsopano. Pambali pa mayina 70 pali chidindo chofiira: ANAPONYA KALE. Ndatsegula tsamba lililonse. Kufiira ngati chikuku. Langa lilinso pomwepo.

A Roscoe amanong'onezana ndi Earlene pakhonde. Nditatuluka anasiya.

Nyengo ya mawa: kotentha, mvula palibe. Mvula imene ndinkaiopa ija.

Lachiwiri, 26 Juni

Ndikulemba patebulo la pasukulu. Tatseka. Dzuwa likadalipo, lili pamitengo ya paini. Earlene ali m'galimoto mwake panja, sanalize injini.

8 koloko: 14
10 koloko: 29
12 koloko: 41
3 koloko: 55
5 koloko: 68

Anabwera anthu amene sindinawaonepo pakhomo pano m'zaka 36. Lucius Fant, nambala 47, atavala tayi. Anaononga pepala loyamba chifukwa anazunguliza mayina onse awiri, akuti onse ndi abale ake. Asanu ndi mmodzi otsukidwa magazi aja ndinawatengera kale ku boma. Anadutsa pamsewu pobwera kuchipatala, anaimika galimoto, anakweza manja. Akanatha kulowa. Akanatha.

5:40, a kufakitale ya nkhuku, 19 nthawi imodzi, majombo oyera akadali kumapazi, fungo la mankhwala ochapira. Ndinafuna kuwapsompsona onse. 87. Kenako mmodzi, awiri, mmodzi. 6:15, tili pa 91. Msewu zii.

6:20, basi ya tchalitchi. Ndinaimirira. Ndinawerenga otsika: 11. 91 kuphatikiza 11. Kenako ndinaona nkhope zawo. Onse anakwerapo galimoto ya a Cleophus. Patsogolo pawo chipewa choyera.

A Roscoe anabwera pafupi nane, mawu pansipansi. Anati maenvelopu 25 aja alipo. Munthu akaumirira kuti aponye, timamupatsa envelopu, amasaina, ku boma amakaunika pambuyo pake. Mavotiwo akawataya, inde, palibe khansala amene apindule. Koma osaina pamalo pano akhala 102. "Sitikuba kanthu, mayi. Tikungobweza anthu athu amene anasochera."

Mwina zikanadutsa. Ndaganiza zimenezo kuyambira 6:20 mpaka tsopano. Mwina Darnell akanayang'ana kumbali.

Koma pa envelopu pali mawu, ndipo ulendo uno ndinawawerenga kawiri. Ndikulumbira kuti sindinaponye voti kwina kulikonse pa chisankho chino. Pansi pake chilango cha wolumbira monama. Anthu 11, wamng'ono wa zaka 69. Ndiwanamizitse pamaso pa lamulo kuti akonze samu yanga? Ndipo mawa wina ku boma adzati onani a pa Gum Fork, amavota kawiri. Mawu amenewo akhala akuwafunafuna chiyambire 1966.

Ndinati ayi. Earlene anati, "Mozelle, kamodzi kokha m'moyo wako, tseka maso." Ndinati ayi.

Azakhali a Zeola anali atafika kale patebulo. Magolovesi, chikwama, chiphaso m'manja. Za maenvelopu sindikudziwa ngati anawauza. Ndikuganiza kuti iwo anangobwera kudzavota pasukulu pawo.

"Mwana wa Hattie, ndipatse pepala langa."

Earlene sanafune kutsekula kaundula. Ndinatsekula ndekha. Ndinawatembenuzira kuti aone chidindo. Ndinati Azakhali, munaponya kale, pa 12 Juni, 10:25, ine ndili pambali panu. Sindingakupatseni.

Anayang'ana chidindocho nthawi yaitali.

"Moyo wanga wonse ndabwezedwa kanayi," anatero. "Katatu ku boma, ndi mzungu wa fodya pakamwa. Lero ndi iwe."

Sanakweze mawu. Anabweza chiphaso m'chikwama, anatseka. Anafunsa ngati lamulo limaletsanso kukhala pansi. Ndinati limaletsa kukhala m'kati, koma pakhonde ayi. Ngakhale zimenezo ndinanena. Anatuluka okha. A Roscoe anawatengera mpando. Enawo khumi anakhala nawo pakhonde, pamasitepe, pa udzu, kuyang'ana msewu.

6:41, mmodzi. 6:52, mmodzi, mayi wa mwana m'manja, akuthamanga. A pakhonde anamuombera m'manja. Kenako palibe. Ndinaima pachitseko wotchi ili m'manja. Mphindi zisanu ndi zitatu. Galimoto imodzi inatulukira pakona, tonse tinaimirira. Inadutsa.

7 koloko ndinayamba kulengeza katatu monga mwa lamulo kuti malo oponyera voti atsekedwa. Liwu linatuluka kawiri. Kachitatu anandinenera a Roscoe.

Basi yapita. Azakhali sanatsanzike. Earlene wasaina fomu osandiyang'ana, wasiya cholembera patebulo, watuluka. A Roscoe akupinda matebulo okha, akana kuti ndiwathandize. Bokosi lamatidwa. Ndiyenera kulipereka ku boma isanakwane 9 koloko. Mamailosi 23. Msewu ndauzolowera.

Pa fomu ya boma mulibe mzere wa zimene ndikufuna kulemba. Ndilemba muno.

Chisankho chapadera, Gum Fork, 26 Juni:

Olembedwa m'kaundula: 411
Oponyeratu ku boma: 52
Otumiza pa positi: 18
Oponyerapo pasukulu: 93
Onse pamodzi: 163, kuposa chisankho chapadera chilichonse m'zaka 36
Mapepala: obwera 300, oponyedwa 93, oonongeka 1, obwezedwa 206
Maenvelopu: obwera 25, obwezedwa 25
Obwezedwa pakhomo: 11
Ofunika: 100
Operewera: 7
Amene ndinawachotsa pano ndi manja anga: 34, ndi ine wa 35

Zagwirizana.

Mozelle Tarver Biggins
Woyang'anira malo oponyera voti, Gum Fork